Chithunzi Chomwe Tidakwirira ndi Phulusa

Iwe Rozita, tsika pampandopo. Tsika ndithu, ndipo kansalu konyowako ukaike kutali uko. Ndakuuzani kangati ana inu kuti zithunzi ziwirizo sizidziwana ndi madzi? Fumbi la malashali likakunyansani, tengani nsalu youma mupukute galasi lokha, basi. Ndipo iwe Zito, usaganize kuti sindidamve dzulo pamene umauza anzako a kushikola, kusukulu kwanuko, kuti pakhoma pathu pali mzukwa wovala nsapato za asilikali. Makutu angawa adakalamba kunja kokha. Khalani pansi apa nonse, ndi iwe Delfina yemwe, matelefoniwo sathawa. Ndikuuzeni za mzukwa wanuyo, pakuti wopanda nkhopeyo ndi agogo anu, amuna anga a Lusiyano, amene adabereka atate anu.

Inu mudabadwira kuno ku Moatize, kumene dzuwa limawotcha ngati lili nawe mlandu, malaya oyera n'kuda akadali pachingwe. Ine kwathu ndi ku Zobwe, kumapiri, kumene mwezi wachisanu ukafika umadzuka mano akugundana. Tinkalima mbatatesi, nyemba, kabichi, ndipo mapichesi ankagwa okha mpaka nkhumba kutopa nawo. Utsikana wanga wonse nkhope yangayi ndinkaiona m'madzi a mumtsuko, kapena pa kachidutswa ka galasi komwe tinkabwerekana atsikana a mudzi wonse tikamapita ku Misa. Wojambula ankabwera pa chikondwerero cha ku mishoni kokha, ndipo ankajambula aphunzitsi ndi akwati, osati ife onunkha utsi. Inu lero mumadzijambula m'mawa, masana, milomo mutaitukula ngati nsomba yofuna mpweya, kenako n'kufufuta zonse ati sizidakongole. Ha, dziko lidasintha ili.

Ndidakwatiwa chitengwa, chifukwa amayi anga adali atamwalira ndipo apongozi anga, aNachisale, adali okha, amuna awo adafa kalekale a Lusiyano ali kamwana. ANachisale adali mayi wamfupi, wouma ngati chitsa, wa fodya wa m'mphuno, wosakonda kubwereza mawu. Koma mwana wawoyo adali wina. A Lusiyano ankayenda akuimba mluzu, ukamva mluzu kumunsi kwa dimba udziwe kuti abwera, ika madzi pamoto. Chala chawo chaching'ono cha kumanzere chidali chachifupi, adachidula ndi chikwakwa akumweta udzu ali mnyamata, ndipo ankandinamiza kuti chidadyedwa ndi nkhanu. Tidakolola limodzi kamodzi kokha. Ukwati wanga wonse, ana inu, ndi umenewo.

Nkhondo ija yachiwiri, ya ife tokhatokha Apwitikizi atapita, idali itayandikira kwathu. Tsiku lina a Lusiyano adakweza dengu la mbatatesi panjinga kupita ku msika wa kumalire. Kumeneko kudafika lole ya asilikali a boma, n'kusonkhanitsa anyamata onse amene adaoneka amphamvu. Njinga idabwera madzulo ikukankhidwa ndi munthu wina, dengu lili pomwepo, mbatatesi zosagulitsa. Ine ndidali ndi pakati pa atate anu, Tomasi. Eya, kwa inu ndi atate, kwa ine ndi Tomasi basi, musandiyang'ane choncho.

Tomasi adabadwa, adayamba kukwawa, kulibe uthenga. Masiku amenewo galimoto sizinkayenda yokhayokha ngati mashapa anuwa, timabasi tomwe mumakwerati. Zinkadikirana n'kuyenda mndandanda wautali, asilikali kutsogolo ndi kumbuyo, tinkazitcha koluna, ndipo wokwera koluna ankatsanzika ngati sadzabweranso. Ndiye munthu wina wogwira ntchito pa lole za koluna adafika pakhomo, n'kupereka kwa apongozi kanthu kokulunga m'pepala la shuga. Adangoti mwana wanu ali moyo, wandituma ichi, n'kumapita ngakhale madzi osamwa. Chidali chithunzi.

Apongozi adandiitanira m'khitchini, adakoka chitseko, utsi uli tolo. Adachigwira okha ndi manja awiri, ine ndikusuzumira kumbuyo kwa phewa lawo. Ndidaona munthu ataimirira, chipewa kumutu, mfuti, nsapato zazikulu. Mtima unkafuna nditachilanda ndikachiyang'ane panja padzuwa mpaka maso atatopa, koma mtengwa salanda chinthu m'manja mwa apongozi ake, ndipo kuyang'anitsitsa mwamuna pamaso pa mayi wake n'kopatsa manyazi. Inu a masiku ano mukadangoti ndipatseni ndione. Ine ndidangoti zikomo, akuoneka onenepa. Kenako apongozi adachisomeka mu udzu wa denga, ndipo masiku amene ndidachionanso ndi owerengeka, nthawi zonse mwakabisira, mumdima wa m'khitchini momwemo.

Mukuti chifukwa chiyani kubisa? Chithunzi cha msilikali chidali imfa m'nyumba. Ankhondo a m'tchire akafika pamudzi ankasanthula madenga, nkhokwe, mitolo ya zovala, ndipo akapeza chosonyeza kuti muli ndi mwana kwa a boma, nyumbayo inkapsa, eni akenso mwayi wake ukhale waukulu. Kutsidya kwa mtsinje wathu banja lina lidatha chifukwa cha lamba chabe wa usilikali. Anthu atamva zimenezo adayamba kuponya zithunzi pamoto. Pamene tidaona kuti kukhala sikutheka, tithawire ku Malawi, nkhani idali yoti chithunzi titani nacho, pakuti m'njira namonso ankamasula mitolo. Azibambo a pamudzi adauza apongozi kuti awotche. Iwo adangofwenkha fodya, n'kunena kuti sangawotche mwana wawo ali moyo.

Apa mumvetsetse, chifukwa ndi pamene padagona nkhani. Kwathu chinthu chofunika kuti chigone nthawi yaitali tinkachisunga ndi phulusa. Mbewu ya nyemba, khobwe, nzama, tinkazisakaniza ndi phulusa losefa, kuthira mumtsuko, kuvundikira ndi phale, n'kumata ndi dothi la pachulu. Nankafumbwe sankalowa, chiswe chinkalambalala. Lero mumagula kaufa ka m'sitolo konunkha kaja, koma ife mankhwala athu adali pa mafuwa. Ndiye m'mawa wa tsiku lonyamuka, apongozi adandituma kuti ndisefe phulusa la zisononkho za chimanga, lija loyera bwino. Iwo adalowa m'nyumba, adang'amba duku lawo, adakulunga okha atandifulatira, n'kutuluka ndi kamtolo kali m'manja. Adathira phulusa pansi pa kamtsuko, adagoneka kamtolo kaja, adathiranso lina pamwamba.

"Chiswe sichidya phulusa, mwananga," adatero. "Nyemba zanga zimagona chaka osafumbwa. Mwana wanga agona bwino muno mpaka tidzabwere."

Ndani akadatsutsa? Mukadafunsa mayi aliyense wa ku Zobwe akadakuuzani chimodzimodzi. Tidamata kamtsuko kaja, tidakumba pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nkhokwe, tidakwirira, n'kuwazapo zinyalala kuti pasaoneke. Tinkati tikakhala miyezi ingapo, mvula ikatha tibwerera.

Miyezi ingapo ija idasanduka zaka. Kukampu ya othawa nkhondo, mbali ya ku Mwanza, tidaphunzira kudya ufa wachikasu ndi nandolo zosapsa msanga, kuima pamzere dzuwa lonse kudikira mafuta a m'chitini, kusaka nkhuni kutali eni dziko akutikalipira. Iwe Delfina umakwinya nkhope ukaona nyemba kawiri motsatizana, ukadakhala kumeneko ukadaonda ngati bango. Kukampu komweko kudabwera bambo wina wa ku Angonia woyenda ndi ndodo, amene adali gulu limodzi ndi a Lusiyano. Adatiuza kuti adafa pa nkhondo ina kutsidya kwa Zambezi, ndipo adaikidwa m'tchire pamodzi ndi anzawo, malo ake iye sangawalozenso. Tidalira maliro opanda mtembo. Apongozi kuchokera pamenepo sadakhalenso bwino, chifuwa chidawagwira, ndipo tidawaika m'manda a eni ake, kudziko la eni. Za kamtsuko kaja sadanenepo kanthu kena, nanenso sindidaone chofunsa.

Tomasi ankakula. Anzake akamati atate anga akuti, atate anga andigulira chakuti, iye ankabwera kwa ine n'kundifunsa kuti nanga atate ake ankaoneka bwanji. Ndinkamuyankha kuti dikira, tikabwerera kwathu ukawaona wekha, akutidikira pansi pa mango. Ankafunsa kuti mphuno yawo ndi yotani, ndevu adali nazo kodi, ine yankho lomwelo. Mwana ankagona ndi mawu amenewo, ankauza ndi anzake kuti atate ake ali mumtsuko, anthu n'kumaseka.

Chimene chinkandiyankhitsa chotero ndikuuzani lero. Nkhope ya amuna anga idali ikundithawa. Mluzu wawo ndinkaumva bwinobwino, kayendedwe kawo ndinkakaona, chala chija ndikadachijambula pansi, koma ndikatsinzina kuti ndione maso ndi pakamwa, zinkangosungunuka. Njala, mantha, maliro, zonsezi zimadya m'mutu. Ndinkachita nazo mantha kwambiri, koma ndinkadzitonthoza kuti palibe kanthu, nkhope ili m'kamtsuko, ndikadzaiona ndidzakumbukira. Kamtsuko kaja sikankadikiridwa ndi Tomasi yekha ayi.

Mtendere utabwera adatikweza m'malole, adatipatsa makasu ndi timatumba ta mbewu, n'kutitsitsa ku Zobwe. Mayo ine, mudzi uja! Udzu kupitirira mutu, nyumba zidagwa, m'dimba mwathu mudamera mitengo yoti n'kupala mpini. Tinkayenda mopondamo mnzako chifukwa cha mabomba okwirira, ndipo wanzeru ankatsogoza mbuzi. Tomasi adali atafika msinkhu wotha kulima kamzere kake. Sadafune kudya, sadafune kuthandiza kumanga msasa, adangogwira khasu n'kumandikoka kapulana, nsalu yanga ya m'chiuno. Mango uja tidaupeza utakula, nthambi mpaka pansi.

Tidakumba, khasu lidagunda phale. Koma nditangotukula kamtsuko, mtima udagwa. Muzu wa mango udali utakang'amba m'mbali, ndipo mvula ya zaka zonsezo inkalowa ndi kutuluka. Phulusa lija lidali litasanduka phala loterera, ndipo fungo lake ndidalidziwa pomwepo, lidali fungo la chidulo. Inu chidulo simuchidziwa, amayi anu amathira soda. Ife tinkacheza chidulo, kuthira madzi pa phulusa la zisononkho kuti adonthe pansi, ndipo madzi amenewo ndi amene amafewetsa therere, amafewetsa chigwada chokhwima mpaka kukhala ngati phala. Ndiye taganizani, chinthu chofewetsa masamba a chinangwa chidakhala chikunyambita pepala zaka zonse zija. Ife tinkatchinga chiswe, osadziwa kuti tagoneka munthu m'chidulo.

Duku lidali litaola. Nditalichotsa pang'onopang'ono ndidadabwa kupeza mapepala awiri atamatana, pamene ine ndinkadziwa chithunzi chimodzi. Ndidaganiza kuti mwina ojambula amapereka ziwiriziwiri, kapena a Lusiyano adatumiza china ine osaona. Ndidazilekanitsa ndi kabango, n'kuziyanika pa lichero padzuwa ngati ufa, pakuti chinthu chonyowa ife timadziwa kuyanika basi. Cham'munsi, chimene chidagona pa phulusa penipeni, chidali chitatheratu kumtunda konse, kungotsala chimtambo chotuwa, miyendo ndi nsapato. Chapamwamba chidadyeka pakamwa ndi pachibwano, koma chipewa, mphumi ndi maso zidalipo, zikuoneka bwino lomwe.

Tomasi adachitola. "Amayi, atate ndi awa?"

Ndidayang'ana. Maso aja adali a pabanjapo, akuluakulu, zikope zolemera, maso a Tomasi enieni. Msilikali, chipewa, mfuti, nsapato. Ndidati inde, ndi amenewa, ndipo ndidalira, chifukwa ndidakhulupirira ndi mtima wanga wonse kuti ndawapeza. Chofufutika chija ndidatsala pang'ono kuchiponya m'dzenje momwemo pamodzi ndi mapale. Chidapulumuka chifukwa cha umphawi chabe, wosauka sataya kanthu. Ndidachiika kumbuyo kwa chinzake kuti chizichilimbitsa chisapindike, ndidazilowetsa m'kapulasitiki ka shuga, n'kuzisunga m'chitini cha mafuta a kukampu chomwe tidachisandutsa bokosi.

Zaka zimene zidatsatira zidali za khasu. Tidagwetsa tchire, tidaumba njerwa, ndinkasenza mbatatesi kukagulitsa kumsewu kuti Tomasi apite kushikola. Ndipo mwana uja adakula ndi chithunzi chimenecho. M'mawa ankatsekula chitini n'kupereka moni. Akakhoza mayeso ankayamba kukauza chithunzi, ine pambuyo. Chipewa chake ankachipendeketsa monga momwe chidapendekera cha msilikaliyo. Tsiku lina ndidamukwapula chifukwa cholekerera mbuzi m'munda wa eni, ndipo ndidamupeza kuseri akundineneza kwa atate akewo. Musaseke, inunso mumandineneza kwa amayi anu ndikakubisirani shuga. Atakula n'kubwera kuno ku Moatize kudzafuna ntchito, migodi itayambanso kulemba anthu, chithunzi adapita nacho m'thumba la pachifuwa. Amayi anu pamene ankawafunsira, adawaonetsa chithunzi chomwecho kuti awa ndiwo atate anga.

Atakhazikika adandiitana kuti ndisiye khasu ndidzakhale nawo. Kunena zoona sindidafune. Kuno kutentha, madzi ogula, Chinyungwe chothamanga ngati akukangana, ndiponso kuphulika kwa kumgodi wa ku Chipanga kogwedeza mbale m'nyumba, poyamba ndinkagwa pansi kuyesa nkhondo yabweranso. Ndidaonanso anthu a ku Mithete akusamutsidwa kuti malo awo akumbepo malasha, ena akulira manda a makolo awo, ndipo ndidati m'mtima, inu kulira kwanu kuli ndi polozera, ine wanga alibe ndi mulu wadothi womwe. Koma ndidazolowera, nkhalamba imatsata kumene kuli ana.

Iwe Rozita uli pafupi kubadwa, Tomasi adati akufuna kukulitsa chithunzi chija, achiike m'kwadro ya matabwa ndi galasi, kuti mwana wake akabadwa adzapeze agogo ake pakhoma. Adanditenga kupita kwa wojambula wina pafupi ndi msika, a Kaetano, nkhalamba ya Chinyungwe ya magalasi omanga ndi ulusi. Iwowa ntchito yotsuka zithunzi adaiphunzira ali mnyamata ku Tete, m'sitolo ya mmwenye wina, nthawi ya Apwitikizi. Adayamba asamba m'manja n'kupukuta bwino, kenako adatulutsa chithunzi atachigwira m'mphepete mokha ngati dzira. Adatikalipira za kapulasitiki, ati pulasitiki imachita thukuta, chithunzi chimafuna pepala loyera louma. Nditawauza za phulusa ndi za kuyanika padzuwa adangogwira kumutu. Adati si ife oyamba, anthu ambiri ochokera kumapiri adawabweretsera zotere nkhondo itatha.

Kenako adachiyang'anitsitsa. Adandifunsa kuti amuna anga adatengedwa liti. Ndidati pa nkhondo yachiwiriyi, tisanathawire ku Malawi. Adafunsanso kuti kodi adagwirapo usilikali nthawi ya Apwitikizi. Ndidaseka, ndidati nthawi imeneyo adali mwana wovala kabudula wong'ambika. A Kaetano sadaseke. Adatiitana kuti tisendere pafupi, n'kuyamba kutilozera ndi kamtengo ka machesi osakhudza. M'mphepete mwa pepala mudali modulidwa manomano ngati sowo, adati kadulidwe kameneko kadatha kale. Chipewa chidali ndi kansalu kogwera m'khosi, cha asilikali a Apwitikizi. Mfuti idali yaitali yowongoka, pamene ya nkhondo yachiwiri ili ndi kamimba kopindika pansi. Ndipo kumbuyo kwa msilikaliyo kudali nsalu yojambulidwa mzati ndi mphika wa maluwa. Adati nsalu imeneyo amaidziwa ngati chikhatho chawo, ankaikunkhumula fumbi okha m'sitolo ya mmwenye uja, ndipo sitoloyo idatsekedwa Apwitikizi akuchoka.

"Mayi, pepani," adatero. "Pamene munthu uyu ankajambulidwa, amuna anu adali kumsana kwa amayi awo."

Pomwepo ndidakumbukira. Apongozi adanenapo tsiku lina tikutong'ola chimanga kuti amuna awo, a Mateyu, adawatengapo ku tropa, usilikali wa Apwitikizi, ndipo adabwerako akudwala. Ine a Mateyu sindidawaonepo, ndiponso sindinkadziwa kuti adasiya chithunzi. Ndiye chifukwa chake mayi uja adandifulatira pokulunga duku. Adagoneka mwamuna wake ndi mwana wake pamodzi, osandiuza, mwina manyazi, mwina ankati n'zake za mumtima. Maso amene adandiliza pansi pa mango adali a apongozi anga aamuna.

Tomasi adali chiimire, bambo wamkulu wandevu zake, zovala za kuntchito zili m'thupi. Sadakalipe. Ndikadakonda akadakalipa. Adangotembenuka n'kundifunsa motsitsa mawu, ngati kamwana kaja ka kukampu.

"Amayi, ndiye kuti simudawadziwe amuna anu?"

Ana inu, ndakhalapo ndi njala, ndaikapo anthu m'manda, koma palibe chidandilasa ngati funso limenelo. Ndikadayankha chiyani? Kuti ndidakhala nawo dzinja limodzi? Kuti chithunzi ndidachionera kumbuyo kwa phewa, mu utsi? Zonsezo n'zoona, koma mwana adali atapereka moni kwa munthu wina ubwana wake wonse, ndipo amene adamuuza kuti ndi amenewa ndidali ine. Ndidangoyang'ana pansi.

A Kaetano ndi amene adatiombola. Adafunsa kuti nanga pepala ili mwatchinjiriza kumbuyoli ndi la chiyani. Ndidati n'lowonongeka, tidangoliika kuti lilimbitse linzake. Adalitenga, adapita nalo pakhomo pamene pali kuwala, n'kumalipendeketsa uku ndi uku. Adati ili m'mphepete mwake ndi mowongoka, pepala lake ndi la pambuyo pake, ndipo taonani apa, kamimba kopindika ka mfuti kakuoneka. Ichi ndiye cha nkhondo yachiwiri. Tomasi adafunsa ngati nkhope ingabwezeretsedwe. Adapukusa mutu, adati chidulo chidadya zonse mpaka papepala, palibe chotsala choti munthu n'kuchidzutsa, madzi akatayika saoleka. Koma sadalisiye. Adatenga galasi lokulitsa, adati kuona maso a nkhono n'kudekha, n'kumayenda nalo pang'onopang'ono kutsika m'munsi. Pafupi ndi lamba, pamene chimtambo chotuwa chija chidalekezera, adaima. Adati pali dzanja apa, koma likuoneka ngati chidulo chidadyako chala chimodzi.

Ndidawalanda galasi lija, ine amene sindidalandepo kanthu m'manja mwa munthu wamkulu. Dzanja lamanzere lidali litagwira lamba. Zala zinayi zidali zonse bwinobwino, ndipo chaching'ono chidalekera pakati, chobulungira kunsonga, monga momwe ndinkachigwirira tikakhala pakhonde. Sichidali chidulo ayi, chidali chikwakwa chija. Ndidakhala pansi m'sitolo ya eni, pa simenti, anthu a mumsika akusuzumira, ndipo ndidalira maliro amene kukampu sindidawalire mokwana. Ndinkangoti ndi amenewa, Tomasi, ndi amenewa, chala chawo ichi. Tomasi adagwada, adayang'ana pagalasi nthawi yaitali.

Adauza a Kaetano kuti asakulitse chilichonse, aike zonse ziwiri m'makwadro momwe zilili. Nkhalamba ija idadula pepala lolimba n'kuzunguliza m'mbali kuti chithunzi chisagunde galasi, idalemba maina kumbuyo ndi lapisi, pensulo ija, mosasindikiza, ati inki imadutsa. Idatilangiza kuti tipachike pa khoma losafika dzuwa, kutali ndi utsi wa kukhitchini, ndipo madzi asayandikire. N'chifukwa chake ndimakukalipirani, si nkhanza ayi. A Kaetano adamwalira kale, ndipo ndimadandaula kuti munthu wotere sitidakumane naye tisanakumbe dzenje lija. Akadangotiuza kuti botolo louma lotseka bwino, lopanda phulusa, bwenzi lero mukuona agogo anu akumwetulira kapena atakwinya, kaya adajambulitsa bwanji, ine sindikumbukira.

Ukuti chiyani Zito? Kuti telefoni ingathe kuikapo nkhope? Ndidamva, mnzako uja adandionetsa za agogo ake atawapaka mpaka mitundu. Iyayi mwanawe, ine ayi. Nkhope yobwereka ndidakhala nayo kale zaka zambiri, ndipo ndikudziwa mmene imapwetekera tsiku loibweza.

Tsiku lija pochokera kwa a Kaetano, Tomasi adanyamula makwadro awiriwo pachifuwa njira yonse. Sadandinenepo mawu oipa, ngakhale kamodzi, mpaka lero. Amandigulira mankhwala, amandipatsa ulemu, mukuona nokha. Koma kuchokera tsiku limenelo sadandifunsenso kuti atate ake ankaoneka bwanji. Funso limene ankandivutitsa nalo kuyambira ali kamwana lidathera m'sitolo muja, chifukwa adadziwa kuti amayi ake yankho alibe. Ndipo ine ndimalisowa funso limenelo, ana inu, ndimalisowa koopsa.

Mawa m'mawa atate anu akamanyamuka kupita kumgodi, muwayang'ane. Amaima pakhomapo, n'kugunda galasi la wopanda nkhopeyo ndi chala, m'munsi chakumanja, pafupi ndi lamba. Inu mumayesa akuwongola kwadro. Kwera tsopano Rozita, tenga nsalu youma ili pamsomaliyo, upukute fumbi monsemo. Koma pamene pali chidindo cha chala cha atate akopo, ulambalale.